Edward Makuka Nkoloso

Edward Festus Makuka Nkoloso (1919 – 4 Marichi 1989) anali mphunzitsi komanso womenyera ufulu wa dziko la Zambia. Amadziwika kwambiri chifukwa chophunzitsa achinyamata ndi kupanga roketi pofuna kuti Zambia ifike kumwezi mayiko a America ndi Soviet Union asanafikeko.

Moyo wake woyambirira

Nkoloso anabadwira kumpoto kwa dziko la Northern Rhodesia, lomwe pano ndi Zambia. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali sajeni m'gulu la asilikali otumiza mauthenga. Nkhondo itatha anagwira ntchito yomasulira m'boma la atsamunda, kenako anatsegula sukulu yake, koma Angerezi anaitseka. Analowa m'gulu lolimbana ndi atsamunda ndipo anamangidwa mu 1956 ndi 1957. Pambuyo pake anakhala mmodzi wa oyang'anira chitetezo m'chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda.

Ntchito ya zamlengalenga

Mu 1960 anakhazikitsa bungwe la Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Anasonkhanitsa achinyamata pa famu ina yosiyidwa, pa mtunda wa makilomita 11 kuchokera ku Lusaka, ndipo ankawatchula kuti Afronauts. Pophunzira, wachinyamata ankalowa mumgolo wa mafuta wopanda kanthu ndipo anzake ankaugubuduza kutsetsereka phiri kuti azolowere kuzungulira kwa chombo. Ankakweranso katungwe kuti amve mmene thupi limapepukira kumlengalenga.

Roketi yawo, yooneka ngati mgolo waukulu, inapangidwa ndi aluminiyamu ndi kopa. Anaitcha D-Kalu 1 polemekeza Kaunda. Nkoloso ankafuna kuiulutsa pa 24 Okutobala 1964, tsiku lomwe Zambia inalandira ufulu, koma izi sizinachitike. Analinso ndi cholinga chotumiza ku Mars mtsikana wina wosakwana zaka 18, amphaka awiri ndi mmishonale, yemwe analangizidwa kuti asakakamize anthu a kumeneko kulowa Chikhristu.

Nkoloso anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma ndalamazo sizinabwere, ndipo boma la Zambia silinatenge nawo mbali. Ophunzira anayamba kuchoka mmodzimmodzi ndipo mtsikana uja anabwerera kwa makolo ake. 

Zaka zomaliza

Nkoloso anaimira Kaunda ku African Liberation Centre ku Lusaka, malo omwe ankathandiza magulu omenyera ufulu a mayiko a kumwera kwa Africa. Anapikisananso pa udindo wa meya wa Lusaka koma sanapambane. Mu 1983 analandira digiri ya zamalamulo ku University of Zambia ali ndi zaka zoposa 60. Anamwalira mu 1989.

Mmene amakumbukiridwa

Manyuzipepala akunja a nthawi imeneyo ankamuseka. Masiku ano ena amati ankakhulupiriradi maloto ake, pomwe ena amaganiza kuti ankanyodola mwadala mayiko olemera ndi mmene atsamunda analowera mu Africa. Nkhani yake ndi imene inachititsa Cristina de Middel kutulutsa buku la zithunzi la The Afronauts mu 2012, ndi Nuotama Bodomo kupanga filimu yaifupi ya Afronauts mu 2014. Nkoloso amapezekanso m'buku la Namwali Serpell la The Old Drift, lomwe linatuluka mu 2019.