WILHELM RÖNTGEN NDI KUŴALA KOSAONEKA

Kale dokotala akafuna kudziŵa chovuta m'mimba mwa wodwala, ankangopapasa ndi manja kapena kung'amba pamimbapo. Lero amatha kuona m'katimo popanda mpeni. Amene adatsegula njira imeneyi ndi Wilhelm Conrad Röntgen.

Röntgen adabadwa pa 27 Marichi 1845 ku Lennep m'dziko la Germany, koma adakulira ku Netherlands. Ali pasukulu ku Utrecht, mnzake wina adajambula chithunzi chonyoza mphunzitsi. Röntgen adakana kumuulula, ndipo adachotsedwa sukulu. Iye sadataye mtima. Adakaphunzira ku Zürich m'dziko la Switzerland, ndipo mu 1888 adayamba kuphunzitsa sayansi pa yunivesite ya Würzburg ku Germany.

Pa 8 Novembala 1895 ankayesa kupititsa magetsi m'botolo lagalasi lochotsedwa mpweya, limene adalikuta ndi pepala lakuda lochindikala. M'chipindamo munali mdima bii! Mwadzidzidzi adaona pepala lina lopakidwa mankhwala likunyezimira chapatali. Adazindikira kuti pali kuŵala kosaoneka ndi maso kumene kukupyola pepala lakuda lija. Popeza sankakudziŵa, adakutcha dzina la chilembo X. Pa 22 Disembala adajambula nako dzanja la mkazi wake, Anna Bertha, ndipo mafupa ndi mphete zidaoneka bwinobwino.

Mafupa amaoneka chifukwa amatchinga kuŵalako, koma chifu ndi chofeŵa, kotero sichinkaoneka. Mu 1896 Walter Cannon, wophunzira zaudokotala ku Harvard m'dziko la America, adayamba kudyetsa nyama chakudya chosakaniza ndi mankhwala otchinga X-ray, ndipo chifu chidaoneka. Pambuyo pake odwala ankamwetsedwa phala loyera la mankhwala otchedwa barium asanajambulidwe.

Komabe pali zotupa zina zosoŵa zimene zimamera m'kati mwa mnofu wa chifu, n'kumakula mwakachetechete. Zimenezi zimaoneka bwino ndi makina a CT scan, amene adayamba kujambula odwala mu 1971. Makinaŵa amagwiritsa ntchito kuŵala komwe kuja, koma amajambula thupi m'magawo opyapyala monga mmene timadulira buledi. Motero dokotala amadziŵa pamene pali chotupa, kukula kwake, ndiponso ngati chafalikira.

Mu 1901 Röntgen adakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa sayansi ya fizikisi. Ndalama zake adazipereka ku yunivesite ya Würzburg. Adakananso kulembetsa X-ray kuti ikhale chuma chake yekha, pofuna kuti ithandize anthu onse. Adamwalira ndi khansa ya m'matumbo ku Munich pa 10 Febuluwale 1923, ali ndi zaka 77.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani Röntgen adachotsedwa sukulu?
2. Nanga chifu sichinkaoneka pa X-ray chifukwa chiyani?
3. Tchulani zinthu ziŵiri zosonyeza kuti Röntgen sadali wodzikonda.