BERNARD MIZEKI: MPHUNZITSI AMENE SANATHAWE PAMALO AKE

Anzanga nonse amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, m'kalata yathu ino ndati tikumbukire mphunzitsi wina amene anakumana ndi mayeso oti ambiri a ife sitinawaonepo. Dzina lake ndi Bernard Mizeki. Kwa inu a mpingo wa Angilikani dzinali si lachilendo, pakuti chigawo cha mpingowu cha pakati pa Africa, chimene Malawi ndi Zimbabwe alimo, chimamukumbukira chaka ndi chaka pa 18 Juni.

Mizeki anabadwa cha m'ma 1861 kufupi ndi Inhambane, m'dziko la Mozambique, ndipo dzina lake lakumudzi linali Mamiyeri Mitseka Gwambe. Ali ndi zaka pafupifupi 12 anachoka kwawo kupita ku Cape Town kukafuna ntchito, monga anachitira agogo athu ambiri popita ku Joni. Kumeneko anagwira ntchito wamba kwa zaka ngati khumi, akukhala m'makomboni momwe mowa unkawononga anyamata ambiri. Iye sanaulawe. Akaweruka ankapita ku sukulu ya madzulo ya amishoni a Angilikani, kumene mayi wina wa ku Germany, Fräulein von Blomberg, ankaphunzitsa. Anabatizidwa m'mwezi wa Malichi 1886 ndi kulandira dzina loti Bernard. Pambuyo pake anaphunzira ku Zonnebloem College, ndipo aphunzitsi ake anaona kuti anali ndi mphatso yogwira zilankhulo msanga.

M'chaka cha 1891 Bishopu George Knight-Bruce ankafuna anthu oti apite naye ku dziko la Mashona, limene lero ndi gawo la Zimbabwe. Mizeki anadzipereka. Bishopu anamusiya ku Nhowe, m'dera la Mfumu Mangwende, kufupi ndi tauni imene tsopano timaitcha Marondera. Anali mlendo wopanda mbale, wopanda mfuti, wosadziwa chilankhulo cha eni dziko. Moyo wake unali wa ndondomeko: m'mawa mapemphero, kenaka kudimba, kenaka kuphunzira Chishona ndi kucheza ndi anthu m'midzi. Posakhalitsa anachidziwa Chishona mpaka kuthandiza kumasulira mapemphero ndi mbali zina za Malembo. Anatsegula sukulu, ndipo ana ena anayamba kugona pamishonipo. M'mwezi wa Malichi 1896 anakwatira Mutwa, mtsikana wa ku banja lachifumu la kwa Mangwende.

Koma si onse amene anakondwera naye. Mfumu itamulola kusamutsira mishoni pamalo ena okwera, pafupi ndi nkhalango yopatulika kumene anthu ankapembedzera mizimu ya makolo, Mizeki anadulako mitengo ina ndi kusema mitanda pa ina. Akuluakulu a chipembedzo cha makolo zinawapweteka mtima kwambiri. Pamenepa tisabise: mlendoyu anaponda pamene eni ake ankaopa kupondapo, ndipo udani unayambira pomwepo.

Komanso dziko linali litatentha kale. Kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inalowa m'dziko la Mashona mu 1890, ndipo inalanda minda, kugwiritsa anthu ntchito yokakamiza ndi kukhazikitsa msonkho wa nyumba. Pamwamba pa izi panagwa chilala ndi dzombe, ndipo mu 1896 mliri unapha ng'ombe zosawerengeka. Amandebele anaukira azungu m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho, Amashona natsatira mu Juni. Iyi ndiyo nkhondo imene imatchedwa Chimurenga choyamba. Madandaulo a anthuwo anali oona. Tsoka lake, kwa munthu wokwiya, katekisiti wovala malaya ndi kunyamula buku ankaoneka ngati mthenga wa atsamunda, ngakhale kuti Mizeki sanalande munda wa munthu kapena kutolera msonkho.

Chenjezo linamufika nthawi ikadalipo, ndipo antchito a mishoni anauzidwa kuti athawire kumalo otetezeka. Njira inali yotseguka. Iye anasankha kukhala. Ankaona kuti bishopu anamuika pamalopo ndipo sanamumasule, kuti mwini ntchito weniweni anali Khristu, ndiponso kuti sakanasiya ophunzira ake pamodzi ndi nkhalamba ina yodwala imene ankaisunga pakhomo pake. Mkazi wake nayenso anali woyembekezera.

Usiku wa pa 18 Juni 1896 anthu anafika pakhomo pake, namukokera panja ndi kumubaya ndi mkondo. Wotsogolera chiwembucho anali Mchemwa, mwana wa Mangwende. Mutwa anamupeza akadali moyo, ndipo pamodzi ndi mayi mnzake anapita kukamukonzera chakudya. Amayi awiriwa anachitira umboni kuti ali komweko anaona kuwala kwakukulu paphiri ndi kumva mkokomo ngati wa mapiko ambiri, ndipo pobwerera sanamupeze. Ena amati omuphawo ndiwo anabisa mtembo. Manda ake sanapezeke mpaka lero.

Tsono funso limene mnzathu wina angafunse ndi ili: kodi chitetezo cha Mulungu chinali kuti, poti munthu anamukhulupirira koma mkondo unamulasabe? Funsoli si lachibwana, ndipo ambiri a ife tinalifunsapo pamaliro. Tikumbuke anyamata atatu aja a m'buku la Danieli, amene anatsimikiza kuti Mulungu angathe kuwalanditsa m'ng'anjo, koma anatsimikizanso kuti ngakhale asawalanditse, fano sadzaligwadira. Iwo anatuluka amoyo, Mizeki sanatuluke. Koma chikhulupiriro chawo chinali chimodzi. Kudalira Mulungu si pangano loti thupi silidzakhudzidwa ayi, koma kutsimikiza kuti moyo wako ndi ntchito yako zili m'manja amene adani sangazikwatulemo.

Taonani zimene zinatsatira. Patangopita mwezi umodzi, wophunzira wake John Kapuya anabatizidwa, kukhala mmodzi mwa Amashona oyamba mu mpingo wa Angilikani. Mutwa anabereka mwana wamkazi, ndipo onse awiri anadzabatizidwa. Pamalo pamene anaphedwera panamangidwa kachisi, kumene anthu zikwizikwi amasonkhana mwezi wa Juni, ndipo kufupi ndi pomwepo pali sukulu ya sekondale ya anyamata yotchedwa Bernard Mizeki College. Mphunzitsi amene anagwira ntchito zaka zisanu zokha, namwalira ali ndi zaka pafupifupi 35, akuphunzitsabe.

Anzanga, ife mwina mkondo sitidzauona. Koma amene muli m'maofesi mukudziwa kuti kukana kusaina chikalata chabodza kungakutumizeni kutali kumene simunapemphe, ndipo kukana chiphuphu kungakudanitseni ndi anzanu a tebulo limodzi. Ena mwa ife anasalidwa ndi abale chifukwa cha chipembedzo. Tsiku lotero likafika, tikumbuke mlendo uja wa ku Inhambane amene anayeza mantha ake ndi udindo wake, napeza kuti udindo ndiwo unali wolemera. Ambuye akusungeni nonse kufikira tidzaonane pamsonkhano wathu wa pachaka.