Msyamboza wa ku Chibanzi

Ine kwathu ndi kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene minda yambiri ili pamtsetse. Mvula ya mu Januwale ikagwa mwamphamvu, nthaka yachonde imatsikira kudambo eni ake tikuona. Nditayamba maphunziro a jogalafe, aphunzitsi ankatiuza kuti ntchito ya katswiri wa phunziroli si kujambula mapu kokha ayi, koma kumvetsa malo, madzi ndi anthu pamodzi, kenaka n'kulangiza olamula dziko. Maina onse amene ankatchula anali a anthu akunja. Ine mumtima ndinkangoganiza za Msyamboza, nyakwawa ya ku Chibanzi, kufupi ndi Kongwe.

Msyamboza anabadwa cha m'ma 1830 ndipo anamwalira mu 1926. Mbiri yake inalembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi n'kuitulutsa mu 1949 ndi mutu woti Headman's Enterprise.

Iye anakula pa nthawi ya nkhondo. Angoni a Chiwere anadzakhazikika m'dera la Dowa, pomwe kunyanja, ku Nkhotakota, kunali Jumbe ndi malonda ake a minyanga ndi akapolo. Msyamboza anatukuka ndi minyanga ya njovu ndi mfuti, malonda omwewo amene anathandiza kutha njovu m'madera ambiri. Sindikufuna kubisa zimenezi, pakuti tikamatamanda makolo timakonda kuwasambitsa mpaka asiye kuoneka ngati anthu.

Chimene chimandikopa ine pa moyo wake ndi madzi. Anzake akudikira mvula, iye anakumba ngalande n'kupatutsa madzi a mumtsinje kuti azithirira mbewu m'chilimwe. Munthu amene sanagwirepo ntchitoyi angaiyese yophweka. Kuti madzi ayende okha popanda pampu, ngalande iyenera kuyambira kumtunda, n'kumayenda mopingasa phiri, ikutsika pang'onopang'ono. Ikatsetsereka kwambiri, madzi amathamanga n'kukumba chigwembe. Ikagona kwambiri, madzi amaima n'kulowa pansi asanafike kumunda. Ife timaphunzira zimenezi ndi mapu, zida zoyezera ndi masamu, ndipo ena timalakwabe mayeso. Iye anali ndi maso ndi khasu basi. Analimanso tirigu, mbewu yachilendo pa nthawiyo, imene imakonda kuzizira kwa kumapiri ngati kwathu.

Robert Blake atatsegula mishoni ku Kongwe mu 1894, Msyamboza sanauthawe uthenga ndi sukulu zimene zinabwera. Koma ulimi wake sunali wochita kulamulidwa ndi Mzungu, ndipo anthu ake ankayamba aona zokolola asanauzidwe zochita.

Apa m'pamene ndimamusiyanitsa ndi zimene zinachitika iye atamwalira. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma la atsamunda, potsatira malangizo a akatswiri, linakakamiza alimi kupanga mizere yopingasa mtsetse ndi migula yotchinga madzi. Wokana ankalipira chindapusa kapena kumangidwa. Anthu anazitcha malimidwe, ndipo mkwiyo wake unathandiza chipani cha Nyasaland African Congress kupeza otsatira kumidzi. Agogo anga aakazi akamakamba za nthawiyo sankatchula kukokoloka kwa nthaka n'komwe. Ankangokumbukira kapitawo ndi chingwe chake choyezera. Chonsecho mizere yomweyo ndi imene tonse timalima lero, popanda wotiopseza.

Pa tchuthi chapitachi ndinapita ndi amalume kudimba kwathu. Ngalande yawo imayenda mopingasa phiri monga ndafotokozera, koma chaka chino madzi anaphwa mwezi wa Seputembala usanathe, kabichi asanakhwime. Tinakwera kukaona kumene kasupe amayambira. Tinapeza zitsa zokhazokha ndi uvuni wa makala ukufukabe utsi. Amalume anandifunsa kuti, poti ndine wa jogalafe, nkhaniyi tikainene kwa amfumu kapena kwa a zankhalango.