Abrahamu, Kholo la M'mahema, Timulondole pa Mapu

Amayi anzanga, pophunzira za Abrahamu m'magulu athu kapena ku Sande Sukulu, tiyeni tisindikize mapu a maulendo ake, aliyense akhale ndi pepala lake ndi pensulo. Moyo wa mkuluyu umamveka bwino munthu akaulondola ndi chala.

Chongani poyamba pa Uri, kumwera kwa dziko la Iraq la lero. Kumeneko ndiko kunali kwawo kwa Abramu, mwana wa Tera. Banjali linasamukira ku Harana, m'dziko lomwe lero ndi Turkey, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000, ngati kuchoka ku Nsanje kukafika ku Karonga. Ana adzafunsa chifukwa chake njirayo ikukhota chonchi pamene Kanani ali kumadzulo. Aonetseni mtsinje wa Firate. Woyenda ndi ziweto amatsata madzi, sadutsa m'chipululu.

Tera atamwalira, Mulungu anaitana Abramu ali ndi zaka 75. Sarai anali ndi zaka 65. Amene tinagwirapo ntchito m'chipatala tikudziwa mmene maondo a msinkhu umenewo amavutira, komabe mayiyu ananyamula katundu n'kutsata mwamuna wake. Jambulani mzere kutsikira ku Sekemu ndi ku Beteli. Njala inawathawitsira ku Ejipito, komwe Abramu chifukwa cha mantha anabisa zoti Sarai ndi mkazi wake. Mbali imeneyi tisamaidumphe pophunzitsa, pakuti ameneyu anali munthu ngati ife.

Atabwerera anasiyana ndi Loti chifukwa msipu unachepa, ndipo anamanga mahema ku Hebroni. Ismayeli anabadwa mwa Hagara, mdzakazi. Kenaka Mulungu anasintha maina awo kukhala Abrahamu ndi Sara, ndipo Isake anabadwa bambo ali ndi zaka 100, mayi 90.

Tsopano funsani gulu kuti lipake utoto malo amene anali akeake a Abrahamu. Adzafunafuna osawapeza. Munthu amene analonjezedwa dziko lonse la Kanani anagula kamunda kamodzi kokha, ka phanga la Makipela, pa masekeli 400 a siliva, kuti aikemo Sara amene anamwalira ali ndi zaka 127. Pa mapu ndi kadontho chabe pafupi ndi Hebroni. Iye mwini anamwalira ali ndi zaka 175, ndipo Isake ndi Ismayeli anabwera pamodzi kudzamuika m'phanga lomwelo.