Denis Burkitt, dokotala amene anatsata khansa ndi mapu

Denis Burkitt anabadwa mu 1911 ku Enniskillen, ku Ireland. Diso lake limodzi linawonongeka ali ndi zaka 11, komabe anaphunzira udokotala wa opaleshoni, ndipo mu 1946 anapita kukagwira ntchito ku Uganda.

Mu 1957, pachipatala cha Mulago ku Kampala, anaona mwana wotupa nsagwada modabwitsa. Sipanapite nthawi, anaonanso wina. Ana awiri okha sakanakwanira kukhala umboni, choncho anafukula mabuku akale a chipatala, ndipo mu 1958 anatulutsa lipoti la ana 38 odwala khansa imene lero imatchedwa ndi dzina lake.

Kenako anafuna kudziwa kumene matendawa amalekezera. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata 10. Anafika pazipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Nyasaland ndi Mozambique, akufunsa ngati chotupachi chimaoneka komanso kumene anawo amachokera. Ku Nyasaland odwala ankachokera kotentha, m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje. Kumalo okwera kuposa mamita 900 ankasowa. Dedza ili pamwamba pa malire amenewo. Mapu anasonyeza kuti kozizira kwambiri khansayi siiwanda.

Apa Burkitt anaphonya pang'ono. Anaganiza kuti udzudzu umanyamula kachilombo koyambitsa khansayo. Kachilombo kanapezekadi mu 1964, pamene Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapima ku London zotupa zochokera ku Kampala. Koma kanapezeka kuti kali mwa anthu pafupifupi onse padziko lapansi, kotentha ndi kozizira komwe, ndipo kamafala kudzera m'malovu. Burkitt sanakakamire maganizo ake. Anavomereza kuti chimene mapu ake ankatsata ndi malungo obwerezabwereza, amene amafooketsa chitetezo cha mwana n'kupatsa mpata kachilomboko.

Makolo a kumapiri kuno asapusitsidwe ndi mapuwo, chifukwa amanena za kuchuluka kwa odwala basi. Mwana akatupa nsagwada kapena mimba mofulumira, apite naye kuchipatala msanga. Khansa imeneyi imamva mankhwala, monga Burkitt yemweyo anaonera atayesa methotrexate ndi cyclophosphamide.

Atabwerera ku England anatchuka ndi nkhani ina. Ankati Azungu amadwala khansa ya m'matumbo chifukwa amadya zoyera zochotsedwa gaga, pamene anthu a kumidzi ya ku Africa amadya mgaiwa, nyemba ndi masamba. Umboni wake apa unali wopepukirapo. Ankayerekeza mayiko, chonsecho anthu a mayikowo amasiyana pa zambiri, monga zaka zimene amakhala ndi moyo, nyama imene amadya ndi ntchito imene amagwira. Kafukufuku wotsata anthu ambiri kwa zaka anadzasonyeza kuti odya zagaga amadwala khansayi mocheperako. Koma ku America atagawa anthu m'magulu mwamaere, ena n'kuwapatsa gaga wa tirigu wambiri, tizotupa toyambitsa khansa tinabwereranso mofanana m'magulu onse.

Zotsatira zimenezo zinatuluka mu 2000. Burkitt sanazione, popeza anamwalira mu 1993 ali ndi zaka 82.