Abambo Wilbert Awdry (1911–1997): Wansembe Amene Nthano Zake Zinasanduka Masitima Enieni

Amayi anzanga, posankha kaunjika pamsika wa Chiponde mwina munaonapo kamalaya kapena kachikwama ka mwana kojambulidwa sitima ya pamtunda yabuluu, ya nkhope yomwetulira, yolembedwa nambala 1 m'mbali. Dzina lake ndi Thomas. Ambiri timagulira adzukulu osadziwa kuti mwini wake wa sitimayi anali wansembe wa mpingo wathu wa Anglican, Abambo Wilbert Awdry, ndi kuti nkhani yonse inayambira pamphasa ya mwana wodwala chikuku.

Abambo Awdry anabadwa pa 15 Juni 1911 ku Ampfield, m'dziko la England. Bambo awo, a Vere Awdry, analinso wansembe ndipo ankakonda masitima kwambiri. Mu 1917 banjali linasamukira kumudzi wa Box, pafupi ndi njanji yochokera ku London kupita ku Bristol. Pamalopo njanji imakwera chitunda n'kulowa m'phanga loboola phiri. Usiku, mnyamatayu ali chigonere, ankamva masitima a katundu akupuma mwawefuwefu pokwera, mutu wina ukukoka kutsogolo, wina ukukankha kumbuyo. M'makutu mwake zinkamveka ngati mitu iwiriyo ikukambirana, wina kudandaula, wina kulimbikitsa mnzake.

Atakula anaphunzira ku Oxford, kenaka anakaphunzitsa zaka zitatu pasukulu ya St George's ku Yerusalemu. Anadzozedwa udikoni mu 1936, ndipo mu 1938 anamanga banja ndi Mayi Margaret Wale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, iwo anaima pachikhulupiriro chawo chakuti Mkhristu sayenera kumenya nkhondo. Maganizo amenewa anawachotsetsa pamalo pomwe ankatumikira. Mu 1940 analandiridwa kuparishi ya Kings Norton, mumzinda wa Birmingham.

Ali kumeneko, mu 1942, mwana wawo Christopher, wa zaka ziwiri, anadwala chikuku. Katemera wa matendawa kunalibe, poti anadzapezeka mu 1963. Ife amene tinagwirako ntchito ya unamwino tikudziwa mmene mwana wa chikuku amavutikira: thupi kutentha, chifuwa, maso ofiira osafuna kuwala, kukana chakudya ndi kulira usiku wonse. Abambo Awdry sanasiyire mayi okha ntchito yodwazika. Ankakhala pambali pa mwanayo n'kumamusimbira nthano za mitu ya sitima yokhala ndi nkhope ndi mayina: Edward wokalamba koma wofatsa, Gordon wodzikuza, ndi Henry amene anakana kutuluka m'phanga poopa kuti mvula imuonongera utoto.

Mwanayo ankafuna nthano zomwezo tsiku ndi tsiku, ndipo bambo ake akasintha mawu ankawakonza. Ichi n'chimene chinawachititsa kuzilemba papepala. Mayi Margaret ndiwo anaona kuti zolembazo zingathandize ana ena, ndipo anawaumiriza amuna awo kuti azitumize kwa osindikiza mabuku. Buku loyamba linatuluka mu 1945. Abambowa anamupangiranso mwanayo kasitima ka mtengo, pogwiritsa ntchito chidutswa cha mpini wa tsache, ndipo kanatchedwa Thomas. Buku la Thomas linatuluka mu 1946.

Ntchito ya unsembe sanaisiye. Kuyambira 1946 anatumikira ku Elsworth, ndipo kuyambira 1953 ku Emneth, mpaka anapuma mu 1965. Mabuku a masitima analemba 26, lomaliza mu 1972, ndipo mwana wawo uja anadzapitiriza kulemba kuyambira 1983. Ngakhale dziko la m'nthanozo linachokera kumpingo. Mumpingo wa Anglican wa ku England muli dayosizi yotchedwa Sodor and Man. Chilumba cha Man chilipo, koma chilumba cha Sodor kulibe. Iwo ndi mng'ono wawo George anachipeka chilumbacho, nachijambulira mapu ndi njanji zake.

Anali ndi lamulo limodzi polemba: mwana asanamizidwe. Ngozi ndi zovuta za m'nthano zawo zinkatengedwa pa zinthu zimene zinachitikadi panjanji kwinakwake. Masitima awo ankalakwa monga anthu, ankalangidwa, koma pambuyo pake ankakhululukidwa n'kubwezeredwa pantchito.

Mu 1951 anthu odzipereka anatenga kanjanji kakale ka Talyllyn ku Wales, kamene kanali pafupi kutsekedwa, nayamba kukayendetsa okha popanda malipiro. Aka kanali koyamba padziko lonse kuti njanji ipulumutsidwe motero. Mu 1952 Abambo Awdry anapita kukathandiza ntchito yoyang'anira mabogi ndi okwera. Tsiku lina analoleza sitima kunyamuka, kuiwala mayi wogulitsa tiyi pasiteshoni. Cholakwa chawocho sanachibise, anachilemba kukhala nthano. Ana atawerenga za masitima ang'onoang'ono a kumeneko anayamba kukakamiza makolo kuti akawaone ndi maso, ndipo ndalama za matikiti zinathandiza kanjanjiko kukhalapobe.

Apa ndi pamene nthano zinayamba kutsika m'buku n'kukwera panjanji. Ku Peterborough kunali mutu wa sitima wabuluu, wopangidwa mu 1947, umene unkakoka mabogi pafakitale ya shuga. Mu 1971 Abambo Awdry anautcha okha dzina lakuti Thomas, ndipo pambuyo pake unasamutsidwira kunjanji yosungirako masitima akale ya Nene Valley. Nthanozo zitayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema mu 1984, njanji zambiri zoterezi zinayamba kukonza masiku oti ana akakwere sitima yokokedwa ndi Thomas wamkulu ngati sitima yeniyeni. Kawirikawiri amatenga mutu wakale wa malasha, kuupaka utoto wabuluu ndi kuuveka nkhope kutsogolo. Ena ndi chifaniziro chabe, chokankhidwa ndi mutu wina. Ku Strasburg, m'dziko la America, anakonzanso mutu wa 1917 kuti ufanane ndi Thomas, ndipo ku Japan njanji ya Oigawa inayamba kuyendetsa Thomas wake mu 2014.

Mayi Margaret anamwalira mu 1989. Mu 1996 boma la Britain linawapatsa Abambo Awdry ulemu wa OBE, ndipo anatisiya pa 21 Malichi 1997 ku Rodborough, ali ndi zaka 85. Katundu wa m'chipinda chawo cholembera anamutengera ku Tywyn, kumene kumayambira kanjanji ka Talyllyn, kuti alendo aziona.

Kuno ku Mangochi njanji sinafike. Mwana wa ku Chiponde wofuna kuona sitima ya pamtunda m'dziko muno ayenera kupita ku Liwonde, ndipo mutu wakale wa malasha angakauone ku nyumba yosungirako zakale ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre. Koma chimene Abambo Awdry anayambira tili nacho tonse. Analibe mankhwala ochiza chikuku. Anali ndi nthawi yokhala pansi, ndi nthano. Ife lero katemera tili naye, ndipo amene tikukumbukira mliri wa chikuku wa 2010 tisatope kukumbutsa ana athu kupita ndi makanda kusikelo kuti akabayitse pa nthawi yake. Ndipo mwana akadwala, tiwauze abambo a kunyumba kuti nawonso akhale pamphasa, amusimbire nthano ya Kalulu, ngakhale aipemphe kakhumi.

Ambuye awapatse Abambo Awdry mpumulo wosatha.