ULF VON EULER: DOTOLO AMENE ANAPEZA CIMENE CIMAFINYA MITSEMPHA YA MAGAZI

Anthu amene amapita ku kiliniki ya Kabwata mu Lusaka kukapimitsa BP, ambiri a iwo sanamvepo dzina la Ulf von Euler. Komabe ena mwa mankhwala a matendawa amene amaperekedwa m'zipatala za m'Zambia, monga methyldopa ndi atenolol, amagwira nchito pa cinthu cimene dotolo ameneyu wa ku Sweden anazindikira m'caka ca 1946.

A von Euler anabadwira mu mzinda wa Stockholm pa 7 February 1905, m'banja la anthu ophunzira. Atate ao, a Hans von Euler-Chelpin, analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 1929. Amai ao, a Astrid Cleve, anali mkazi woyamba mu Sweden kulandira digiri ya udotolo pa maphunziro a sayansi. Mnyamatayu analowa sukulu ya zamankhwala ya Karolinska mu 1922 ali ndi zaka 17, ndipo mu 1930 anapita ku London kukagwira nchito pansi pa katswiri wochuka, a Henry Dale. Mu 1939 anakhala pulofesa pa sukulu ija ya Karolinska, udindo umene anakhala nao kufikira 1971.

Pa nthawi imeneyo matenda a kuthamanga kwa magazi analibe mankhwala odalirika. Mtsogoleri wa dziko la America, a Franklin Roosevelt, anamwalira pa 12 April 1945 mtsempha utaphulika mu ubongo cifukwa ca BP, ngakhale kuti anali m'manja mwa madotolo a boma. Odwala ena anali kucitidwa opareshoni yaikulu. Mu mzinda wa Boston, dotolo wina dzina lake Reginald Smithwick anali kudula minyewa imene imayenda m'mbali mwa fupa la msana. BP inali kutsika ndithu, koma ambiri mwa odwalawo anali kucita cizungulire kapena kukomoka akangoimirira.

Minyewa imeneyi, imene m'Cingelezi imachedwa sympathetic, iri ngati mawaya onyamula uthenga kucokera ku ubongo kupita ku mtima, ku impso ndi ku mitsempha ya magazi. Munthu sailamulira. Ndiyo imacititsa mtima kugunda msanga munthu akaona njoka panjira, ndipo ndiyo imafinya mitsempha kuti magazi asatsikire ku miyendo munthu akadzuka pa mphasa. Cimene cinali cosadziwika bwino ndi mmene uthengawo umadumphira kucoka ku nsonga ya mnyewa kulowa mu mtsempha. Akatswiri ambiri anali kukhulupirira kuti mthenga wake ndi adrenaline, mankhwala amene thupi limapanga m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso.

A von Euler sanakhutire ndi ganizoli. Anatenga minyewa ndi ziwalo za ng'ombe ndi nyama zina, nazisinja, nasefa madzi ake, ndi kuwayesa pa nyama zamoyo. Mu 1946 anaonetsa kuti mthengayo ndi mankhwala ena ofanana ndi adrenaline, ochedwa noradrenaline. Mankhwalawa akatuluka ku nsonga ya mnyewa, mtsempha umafinyika, njira ya magazi imacepa, ndipo BP imakwera, monga mmene madzi amatulukira mwamphamvu munthu akapana paipi ndi cala. Mu 1956, pamodzi ndi mnzao Nils-Åke Hillarp, anaonetsanso kuti noradrenaline imasungidwa m'timatumba ting'onoting'ono mkati mwa mnyewa. Anakonzanso njira yoipimira mu mkodzo, imene inathandiza madotolo kupeza cotupa cina ca pamwamba pa impso cimene cimakweza BP modzidzimutsa.

Mthenga atadziwika, funso lalikulu linatsala: kodi minyewa imeneyi ndiyo imayambitsa matenda a BP? Yankho silikanapezeka mwa kuyesa pa anthu, motero nchitoyi inagwera makoswe a m'nyumba zofufuzira. Mu 1963, ku Kyoto m'dziko la Japan, a Kozo Okamoto ndi a Kyuzo Aoki analengeza mtundu wa makoswe amene BP yao imakwera yokha akamakula. Anaupeza mwa kukwatitsa makoswe a BP yokwera okhaokha kwa mibadwo ingapo. Kenaka mu 1967 ndi 1968, ku Basel m'dziko la Switzerland, a Hans Thoenen ndi a Jean-Pierre Tranzer anaonetsa kuti mankhwala ochedwa 6-hydroxydopamine amaononga nsonga za minyewa ija popanda mpeni. Mankhwalawa amafanana ndi noradrenaline kotero kuti mnyewa umawameza poyesa kuti ndi ake, ndipo akalowa amaupsereza mkati, minyewa ya mitundu ina osaikhudza. Pambuyo pake kunapezeka kuti mankhwala ena, a guanethidine, akaperekedwa ambiri kwa makoswe ongobadwa kumene, amapha minyewayi kotheratu.

Zotsatira zake zinaphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, makoswe amene minyewa yao inaonongedwa ali akhanda, BP yao sinakwere kufika pa ya abale ao, ndipo makoma a mitsempha yao sananenepe kwambiri. Ici cinatsimikiza kuti minyewayi iri ndi mbali yaikulu pa kuyamba kwa matendawa. Caciwiri, thupi silinagonje msanga. Mwa makoswe akuluakulu BP inali kutsika kwa kanthawi ndi kukweranso, cifukwa nsonga za minyewa zinali kuphukanso, mitsempha inayamba kumva msanga ngakhale noradrenaline yocepa, ndipo tiziwalo ta pamwamba pa impso tinaonjezera nchito yake. Cinaoneka poyera kuti BP siimangidwa ndi cingwe cimodzi. Impso, mcere wa m'cakudya ndi makoma a mitsempha zonse ziri ndi mbali yake, ndipo ndico cifukwa odwala ambiri lero amapatsidwa mitundu iwiri kapena itatu ya mapilisi.

Mankhwala a anthu saononga minyewa monga kunacitikira makoswe. Amangocepetsa mphamvu yake. Methyldopa, imene amai apakati a BP amapatsidwa kawirikawiri, imacepetsa uthenga wocokera ku ubongo. Atenolol imatseka malo amene noradrenaline imafikira pa mtima. Guanethidine inaperekedwa kwa anthu kuyambira ca m'ma 1960, koma madotolo anaisiya cifukwa inali kubweretsa cizungulire conga cija ca opareshoni ya ku Boston.

M'caka ca 1970 a von Euler analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi a Bernard Katz ndi a Julius Axelrod, patapita zaka 41 kucokera pamene atate ao analandira yao. Kuyambira 1965 kufikira 1975 anali wapampando wa bungwe loyang'anira cuma ca mphotoyi. Anamwalira ku Stockholm pa 9 March 1983 ali ndi zaka 78.

Vuto limene anathandiza kumasulira likali pakati pa anthu. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo wa m'caka ca 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akulu asanu alionse m'Zambia anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri anali asanapimitsepo. Matendawa nthawi zambiri sapweteka kufikira atagwetsa munthu ndi sitiroko kapena ataononga mtima ndi impso.

Noradrenaline yomweyo ndi mankhwalanso. M'zipinda za odwala mwakayakaya, munthu amene BP yake yagwa kotheratu amaipatsidwa kudzera m'diripi kuti mitsempha ifinyike ndi magazi afikenso ku ubongo.